Nyumba zotsika mtengo ku Mangochi: bajeti ya chaka ndi chaka kapena thumba lapadera?

Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo. Nyumba zikamadalira bajeti, zimapikisana ndi mankhwala, misewu ndi mijigo, ndipo nthawi zambiri zimatsalira. Choipa kwambiri n'chakuti ndalama ikachedwa mpaka Disembala, mvula imapeza khoma lili pa windo, matumba a simenti n'kuumira m'sitolo. Ubwino wake ndi umodzi: makhansala amaikambirana poyera.

Thumba lapadera limayenda mosiyana. Lamulo limapatula gwero lake, tinene gawo la lendi ya malo kapena la ziphaso za malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, ndipo ndalamayo siingapatutsidwe kukalipira zina. Yotsala imadikira chaka chamawa, choncho maziko amakumbidwa m'chilimwe. Matrasti ake, anthu oyang'anira thumbali, azichokera kukhonsolo, kwa mafumu, kumizikiti ndi kumipingo, ndipo mabuku aziwerengedwa ndi akatswiri akunja chaka chilichonse.

Thumba nalonso limadwala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yongogona kubanki inasungunuka. N'chifukwa chake ndi bwino kugula malata, simenti ndi mapuloti msanga. Ngongole za nyumba zochokera m'thumbali zikaoneka ngati mphatso ya andale, anthu sabweza, thumba n'kuuma. Msodzi alipire nsomba zikamaphedwa, osati mwezi ndi mwezi, poti nyengo yotseka nyanja alibe kolowera.

Ife tikusankha thumba, bola mapuloti ake akhale kumtunda. Madzi a nyanja atakwera mu 2024 analowa m'nyumba zambiri za m'mphepete.