Bwato la mafiti 16 ndi injini ya 60: mmene zayendera nyengo yonse ya walleye ku Minnesota

Ndinagula bwatoli mu Epulo, kutatsala pang'ono kuti nyengo yowedza nsomba za walleye itsegulidwe mu Meyi. Ndi la aluminiyamu, la kampani ya Lund, lopangidwa m'tauni ya New York Mills konkuno ku Minnesota, ndipo injini yake ndi Mercury ya mahosipawa 60 yowongolera ndi mkono. Pano nyanja zayamba kuundana, bwato lili m'galaja, ndiye ndinene mmene ndalionera.

Kachitsulo komata m'bwatomu, kolembedwa malire a mphamvu ya injini, kamalola mpaka mahosipawa 60. Anzanga ena ankati 40 ikwana, ndisunge ndalama. Ayi ndithu. Tikakwera atatu, mabatire awiri, thanki yodzaza ndiponso madzi m'bokosi la nsomba zamoyo, 60 imadzutsa bwato n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi mosavuta. Ya 40 ikanangolima madzi, mphuno ili m'mwamba, mafuta akupita.

Komatu liwirolo ndi la popita ndi pobwera basi. Walleye imakhala pansi, m'mphepete mwa miyala ndi pamene pansi payamba kutsika, ndipo nyambo ya nyongolotsi kapena msundu imafuna kukokedwa pa mailo imodzi pa ola, mwina kuposerako pang'ono. Apa ndi pamene injini ya mkono imaonetsa ntchito yake. Ndimaika giya yobwerera, kumbuyo kwa bwato kuli kumphepo, n'kumatsatira mzere wa kuya kwa mafiti 20 pa makina oonetsa pansi, dzanja lina lili pa ndodo ya mbedza. Mafunde amawaza pamsana, malaya amanyowa, koma bwato silichoka pamzere. Tsiku la bata ndimazimitsa injiniyo n'kuyatsa kainjini kamagetsi ka Minn Kota kutsogolo.

Pa nyanja zazing'ono za kufupi ndi tauni ya Brainerd, mafiti 16 ndi okwana, ndipo galimoto wamba imalikoka. Ku Mille Lacs ndi nkhani ina. Nyanjayi ndi yotakata koma yosazama, pakuya penipeni ndi mafiti 42, choncho mphepo ikangodzuka mafunde amabwera afupiafupi ndiponso oimirira. Zikatero ndimabwerera kudoko msanga, a mabwato a mafiti 18 kapena 20 akadali pakati.

Amene mumawedza ku Mille Lacs kapena Lake of the Woods sabata ndi sabata, onjezerani ndalama mugule lalikulu. Ine langali sindigulitsa. Pamisomali yolumikiza thupi lake sipanalowepo madzi, ndipo injini yangofuna kusintha oyilo basi.