Pemmican: kamba wa paulendo amene anaposa msuzi wouma wa Lewis ndi Clark

Pemmican ndi nyama youma yosinja, yosakaniza ndi mafuta a nyama osungunula, basi. Dzinali linachokera m'chinenero cha anthu a mtundu wa Cree ku Canada, ndipo tsinde lake limatanthauza mafuta. Masiku ano amagulitsidwa m'timapaketi ku Canada ndi ku United States kwa anthu oyenda masiku ambiri m'tchire. Ife tikuti, akapangidwa bwino, palibe kamba wina wopepuka pamsana koma wokhalitsa m'mimba ngati ameneyu.

Ubwino wake umaoneka tikamuyerekeza ndi chakudya chimene chinalephera. Mu 1803 Meriwether Lewis anagula ku Philadelphia msuzi wouma wolemera makilogalamu pafupifupi 88 kuti udzawapulumutse nyama ikadzasowa. Msuziwo ankaupanga powiritsa nyama ndi mafupa kwa maola ambiri mpaka kulimba ngati ulimbo, ndipo mafuta onse ankawayengula n'kuwataya kuti usamavunde. Apo ndiye panagona vuto. Mu September 1805, gulu la Lewis ndi William Clark likudutsa mapiri a Bitterroot m'chipale chofewa, msuzi uja unkangotenthetsa m'mimba koma osapatsa mphamvu. Anayamba kupha ana a akavalo awo n'kumadya, ndipo Clark anautcha mtsinje wina dzina lakuti Hungry Creek pokumbukira njala imeneyo. Alexander Mackenzie, amene anafika kunyanja ya Pacific mu 1793 atadutsa pamtunda ku Canada, ananyamula pemmican. Wina ankamukwirira pansi m'njira kuti adzafukule pobwerera, ndipo anthu ake onse anabwerera amoyo.

Chinsinsi chake ndi mafuta. Galamu imodzi ya mafuta imapatsa thupi makalori 9, pomwe ya mapuloteni imapereka 4 okha. Munthu wonyamula katundu tsiku lonse pamalo ozizira akamadya nyama yopanda mafuta yokhayokha, amatsegula m'mimba, amafooka, ndipo njala siimutha ngakhale adye mpaka kukhuta. Theka la kilogalamu ya pemmican weniweni limapereka makalori oposa 3,000.

Kapangidwe kake n'kosavuta koma sikafuna kuthamanga. Nyama iyenera kukhala ya mnofu wokhawokha, yochotsedwa mafuta onse, yolezedwa mopyapyala, kenako n'kuumitsidwa mpaka izithyoka kuti thyo ukaipinda. Ikamangopindika osathyoka, ndiye kuti mudakali madzi, ndipo madziwo ndi amene amabweretsa nkhungu. Makilogalamu atatu kapena anayi a nyama yaiwisi amatsala kilogalamu imodzi ikauma. Ikatero imasinjidwa mpaka kukhala ngati ufa wa ulusiulusi. Mafuta abwino ndi olimba aja a pa impso. Amasungunulidwa pamoto wochepa mpaka atasiya kuthetheka, umene ndi umboni wakuti madzi onse atuluka, kenako amasefedwa pansalu. Moto ukachuluka amapserera n'kuyamba kuwawa. Muyezo wake ndi wofanana polemera: kilogalamu ya nyama yosinja, kilogalamu ya mafuta. Anthu a mtundu wa Métis ankagwiritsa ntchito nyama ya njati za ku America, n'kuthira zonse m'matumba a chikopa cha njatiyo olemera makilogalamu pafupifupi 41, amene ankagulitsa ku North West Company ndi Hudson's Bay Company. Thumba losokedwa bwino linkatha zaka osawonongeka.

Apa ndi pamene wogula ayenera kuchenjera. Timapaketi tambiri tolembedwa kuti pemmican ndi nyama yofutsa wamba yothira shuga, uchi kapena mtedza. Werengani zolembedwa kuseri kwa paketi: ngati mafuta ndi ochepa kuyerekeza ndi mapuloteni, kapena akuti musunge mufiriji, si kamba wa ulendo wautali ameneyo. Zipatso zouma, monga za saskatoon, zimakometsadi, koma zikakhala kuti sizinaume mokwanira zimafupikitsa nthawi yosunga. Weniweni amakhala wolimba pamalo ozizira, amanyenyeka ukamudula, ndipo samveka fungo la mafuta ovunda.

Zofooka zake tisazibise. Wozizira amamata kunkhama ngati kandulo, ndipo ambiri amatopa naye pakangopita masiku ochepa. Oyenda akale ankamuphika m'madzi pamodzi ndi ufa wa tirigu n'kupanga msuzi wokhuthala wotchedwa rubaboo, ndipo akatero amadyeka bwino kwambiri. Mimba yosazolowera mafuta ochuluka chonchi imavutika masiku oyambirira, choncho ndi bwino kuyamba kudya pang'onopang'ono sabata imodzi ulendo usanayambe. Vitamini C namonso mulibe wokwanira, moti pa ulendo wa miyezi pamafunika zipatso kapena mapiritsi, apo ayi nkhama zimayamba kutupa ndi kutuluka magazi.

Kamba wabwino amafunanso kuwerengetsera koyenera. Pa ulendo wa John Franklin wa kumtsinje wa Coppermine, wa 1819 mpaka 1822, chakudya chimene ankayembekezera kuchokera ku makampani awiri aja sichinafike chokwanira chifukwa makampaniwo anali pa mkangano. Anthu ake anadya ndere za pamiyala ndi zikopa za nsapato, ndipo 11 mwa anthu 20 anamwalira. Wodalira pemmican ngati chakudya chachikulu awerengere magalamu 500 mpaka 700 pa munthu aliyense patsiku, awonjezere wa masiku angapo ochedwera m'njira, ndipo amugawe m'mapaketi osalowa mpweya a tsiku limodzilimodzi kuti limodzi likang'ambika ena onse asawonongeke.