Black Mirror pa Netflix: poyambira pabwino ndi magawo oti mudumphe

Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Black Mirror ndi sewero la pa TV la ku Britain. Adaliyambitsa ndi Charlie Brooker pa Channel 4 mu Disembala 2011, ndipo lidasamukira ku Netflix mu 2016. Pofika season 7, yomwe idatuluka mu Epulo 2025, magawo onse pamodzi adakwana 33. Pafupifupi gawo lililonse ndi nkhani payokha, anthu ake ena, choncho palibe chokukakamizani kutsata ndondomeko.

Musayambe ndi gawo loyamba, "The National Anthem". Mmenemo nduna yaikulu ya Britain ikukakamizidwa kuchita zonyansa ndi nkhumba dziko lonse likuonera, ndipo munthu wofooka mtima amalekera pompo n'kuganiza kuti sewero lonse ndi lotero. Yambani ndi "Nosedive" mu season 3. Kumeneko aliyense amapatsa mnzake nyenyezi pa foni akangokumana, kaya ndi m'chikepe kaya pogula khofi. Lacie, mwini nkhani wa gawoli, ali pa nyenyezi 4.2 koma akufuna 4.5 kuti amutsitsire mtengo wa nyumba, ndiye amayeserera kuseka pagalasi m'bafa. Atangokwiya kamodzi pabwalo la ndege, mlonda akumuchotsera mapointi, basi zonse n'kuyamba kusokonekera.

Mphamvu ya seweroli ili apa: m'magawo abwino makina sawonongeka ayi, amagwira ntchito ndendende monga adawapangira. Chopweteka anthu ndi nsanje yawo, chisoni, kapena dyera la kampani. "Common People" ya mu season 7 ndiyo ikuonetsa izi bwino koposa. Amanda, mphunzitsi, wapezeka ndi chotupa muubongo. Kampani ya Rivermind ikumuchita opaleshoni ulere, koma kuti ubongo uzigwirabe ntchito banjalo lizilipira madola 300 pamwezi. Akatuluka m'dera lomwe netiweki yawo imafika, amakomoka. Kenaka akuyamba kulankhula mawu otsatsa malonda osadziwa, ngakhale ali m'kalasi pamaso pa ana, ndipo kuti zimenezo zithe ayenera kukwera pa pulani yodula. Aliyense amene bandulo idamutherapo pakati pa nkhani yofunika sadzaseka pamenepa. "The Entire History of You", ya kachipangizo koikidwa kuseri kwa khutu kojambula zonse zomwe maso aona, ili pamlingo womwewo: mwamuna akubwereza kamphindi kamodzi ka kuseka kwa mkazi wake mpaka banja kutha.

Nyenyezi imodziyo ndachotsera season 5 ndi 6. Season 5 ili ndi magawo 3 okha ndipo ndi ozizira. Season 6 yasochera n'kulowa m'zamizimu: "Mazey Day" ndi "Demon 79" mulibe nkhani ya makina, mungathe kudumpha osataya kanthu. Vuto lina ndi lakuti nkhani yokopera maganizo a munthu mu kompyuta yabwerezedwa kambirimbiri, moti pofika kachitatu mumadziwiratu kokhotera.

Za data: magawo ambiri ndi a pakati pa mphindi 40 ndi 90. Netflix ikakhala pa High imatha kudya 3GB pa ola, pa Medium pafupifupi 0.7GB, pa Low 0.3GB. Sinthani zimenezi pa Playback settings musanayambe. Ngakhale pa Medium, sewero lonse lidya oposa 20GB, ndiye kuli bwino kuchita download pa WiFi. Yatsaninso mawu olembedwa m'munsi, chifukwa Chingerezi cha m'magawo oyambirira n'chothamanga ndipo mfundo yonse imatha kubisala m'chiganizo chimodzi.

Si la ana, ndipo si loonera limodzi ndi apongozi pabalaza: muli kutukwana, zogonana ndi magazi. Magawo awiri pa usiku umodzi ndi okwanira. Mtima ukalemera, ikani "San Junipero", imodzi mwa zochepa zomwe zimatha mokoma.