Ndemanga: Yamaha A-S301 ndi Audio-Technica AT-LP120XUSB, mbale ndi nyimbo za pafoni pa masipika amodzi

Nyenyezi 4 mwa 5. Zida ziwirizi, ampulifaya ya Yamaha ndi turntable (choimbira mbale za nyimbo) ya Audio-Technica, ndaziyesa kuno ku Blantyre kuyambira nyengo ya chiperoni mpaka mvula itayamba, pabalaza la mamita 4 kwa 5, ndi masipika awiri a 8 ohm. Ngati muli ndi mbale zakale m'kabati komanso nyimbo zodzaza foni, ndipo mukufuna zonse zizimvekera pamodzi popanda kumangozula mawaya, awiriwa ndi oyenerana. Koma kukoma kwake kumadalira malumikizidwe, ndipo malo amene anthu amalakwitsa amakhala omwewomwewo.

Ubwino wa ampulifaya ya A-S301 uli kumbuyo kwake. Ili ndi polowetsa turntable polembedwa PHONO, ili ndi optical ndi coaxial polandirira nyimbo za digito, komanso mabowo a RCA a CD ndi zina. Mphamvu yake ndi mawati 60 mbali iliyonse pa 8 ohm. Nambalayi imaoneka yochepa mukaiyerekeza ndi zolembedwa pa makatoni a masabuwufa a mumsika, koma awa ndi mawati oyezedwa moona, ndipo pabalaza wamba voliyumu simuifikitsa ndi pakati pomwe.

Choyamba kumvetsa ndi kaswitchi ka kumbuyo kwa turntable kolembedwa PHONO ndi LINE. Singano imatulutsa mphamvu yochepa zedi, 4 mV pa katiriji (kabokosi kogwira singano) ya AT-VM95E imene imabwera itamangidwa kale, pamene polowetsa CD pamafuna 200 mV kupita m'tsogolo. Chinanso, podinda mbale amachepetsa besi mwadala ndi kukweza mawu a m'mwamba potsata muyezo wa RIAA, kuti mizere isatenge malo ambiri. Ndiye pamafunika kachipangizo kotchedwa phono preamp kokweza mphamvuyo ndi kubwezera besi pamalo pake. Turntable ili nako kake, ampulifaya ilinso nako kake, ndipo kogwira ntchito kayenera kukhala kamodzi basi. Mukaika kaswitchi pa PHONO, mawaya alowe pa PHONO. Mukaika pa LINE, alowe pa CD kapena pa LINE. Mukasemphanitsa, LINE kulowa pa PHONO, mawu amaphulika, ophwanyikaphwanyika ndi besi yosefukira, ndipo masipika akhoza kuwonongeka. PHONO kulowa pa CD, nyimbo imamvekera kutali, yopyapyala, yopanda besi. Njira zonse ziwiri zolondola ndazimvetsera, ndipo khutu langa lasankha PHONO ku PHONO: besi imagwirana bwino ndipo mawu a woyimba amakhala pakati penipeni.

Mukasankha njira imeneyi musaiwale kawaya kopyapyala ka GND (ground, kapena kuti earth). Kamangeni mbali zonse ziwiri, pa turntable ndi pa kasikuluwu ka GND ka ampulifaya, mokhwimitsa ndi zala. Kakapanda kumangidwa mumamva "huuu" wosalekeza, amene ndi phokoso la magetsi athu a 50 Hz. Ngati mwamanga koma akumvekabe, talikitsani mawaya a RCA ndi mawaya a magetsi, makamaka adaputa ya turntable ndi matchaja a foni. Akakumana, adutsane mopingasa, asayendere limodzi.

Tsopano mkono wa singano. Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa mphindi khumi zimenezi ndi zimene zimasunga mbale zanu. Turntable ikhale yolingana ndendende. Ikani levulo pambale yachitsulo yozungulirayo ndipo muyese mbali ziwiri. Ikani anti-skate, kotembenuza koletsa mkono kukokera mkati mwa mbale, pa 0. Chotsani kapulasitiki koteteza singano, tsitsani kachogwirira kokwezera mkono, masulani loko, ndipo mutagwira mutu wa mkono ndi chala, tembenuzani chitsulo cholemera cha kumbuyo mpaka mkono uziyandama wokha, osaloza kumwamba kapena pansi. Ubwezereni pa loko. Gwirani chitsulocho kuti chisasunthe, mutembenuze kamkombero ka manambala kokha mpaka 0 alunjike mzere wa pamkono. Kenako tembenuzani chitsulo chonse pamodzi ndi kamkombero mpaka pa 2.0. Ameneyo ndi magalamu awiri, ndipo katirijiyi imaloledwa kuyambira 1.8 mpaka 2.2. Pomaliza ikani anti-skate pa 2. Amene ali ndi kasikelo ka digito koyezera singano atsimikize nako, chifukwa kamkombero kakhoza kusuntha pang'ono musakudziwa.

Ambiri amaganiza kuti kupepukitsa singano ndi kusamala mbale. Ayi. Singano yopepuka imanjenjemera mumzere, imamenya makoma ake, ndipo mawu a "s" amayamba kung'ambika, makamaka nyimbo zomalizira za pafupi ndi lebulo. Kuwonongeka kumeneko sikubwerera. Chizolowezi chakale choika khobidi pamutu pa singano ikamalumpha nachonso chisiyeni. Ikalumpha, vuto ndi fumbi, turntable yopendekeka, kapena mbale yopindika.

Singano yobiriwira ya AT-VMN95E, opanga ake amati imatha pafupifupi maola 300. Mukamamvera ola limodzi tsiku lililonse, imeneyo ndi miyezi khumi. Itanitsani yapadera nthawi yomweyo mukugula turntable, kuti musadzapitirize ndi yakutha podikira wobwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Chosangalatsa ndi chakuti masingano onse a mtundu wa VM95 amalowa pa katiriji yomweyo, kungosolola ina ndi kulowetsa ina. Kwa mbale za 45 zimene zinavinidwa kwambiri, monga za Nzeru Record Company kapena za Gallo zimene zikupezekabe m'makomo, singano ya nsonga yobulungira ya AT-VMN95C imabisako kuthetheka. Turntable iyi imazungulira pa 33, 45 ndi 78, koma mbale za 78 za nthawi ya galamafoni zili ndi mizere yaikulu ndipo zimafuna singano yakeyake, AT-VMN95SP.

Masipika asakhale pa shelefu imodzi ndi turntable. Besi imagwedeza thabwa, singano imatola kugwedezekako, ampulifaya imakukweza, ndipo mukakweza voliyumu mumamva kulira kwa pansi kumene kumangokulirakulira. M'nyumba za simenti pansi, tebulo lolemera limakwana. Masipika atalikirane mamita awiri, inu mukhale mtunda womwewo kuchokera pa iliyonse, ndipo musiye masentimita 30 kuchokera kukhoma. Waya wa 1.5 mm² ndi wokwana mpaka mamita asanu. Kupitirira apo tengani wa 2.5 mm², wa kopa weniweni. Sendani sentimita imodzi, potani tinsambo tonse kuti pasatsale kamodzi kokhudza inzake. Chofiira ku chofiira, chakuda ku chakuda. Mukasemphanitsa mawaya a sipika imodzi besi imasowa. Kumbuyo kwa ampulifaya kuli kaswitchi ka impedance, kogwirizanitsa ampulifaya ndi ma ohm a masipika, kolembedwa LOW ndi HIGH. Kwa masipika awiri a 8 ohm kakhale pa HIGH, ndipo musakasunthe ampulifaya ikuyaka.

Mbali ya digito ndi yosavuta, koma ndi kumene nyenyezi yachisanu yachokera. Ampulifayayi ilibe Bluetooth, ndipo ilibe polowetsa nyimbo za pa USB. Bowo la USB limene mudzalione kumbuyo ndi lotulutsa magetsi a 5 V okha. Kwa foni, gulani kachipangizo kolandira Bluetooth kamene kali ndi optical kapena coaxial, kuti ntchito yosandutsa digito kukhala mawu ichitikire mu ampulifaya, momwe imachitika bwino kuposa mu tizipangizo totchipa. Kwa laputopu pamafunika USB DAC, kachipangizo kosandutsa digito kukhala mawu, yolowa pa RCA, kapena kosinthira USB kupita ku optical.

TV ilumikizeni ndi optical, ndipo mu menyu ya mawu musankhe PCM. Mukasiya pa Dolby Digital kapena Auto, matchanelo ena amangokhala chete kapena kumveka phokoso lokhalokha, chifukwa ampulifayayi imamva PCM yokha. Optical ili ndi ubwino wina umene ambiri saudziwa: mkati mwake mumayenda kuwala, osati magetsi. Waya wochokera ku dishi amabweretsa "huuu" wake kudzera mu dekoda ndi TV, ndipo mukalumikiza ndi RCA phokosolo limafika mpaka pa PHONO. Optical imadula njira imeneyo.

Samalani posintha kuchoka pa mbale kupita pa digito. Digito imalowa mokweza kwambiri, choncho tsitsani kaye voliyumu. Pa nkhani ya bandulo, ola limodzi la nyimbo za 320 kbps limadya pafupifupi 144 MB, pamene za mulingo wa CD zimadya kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Kudzera pa Bluetooth wamba kusiyanako sikumveka kwenikweni, ndiye sungani bandulo. Mafayilo a FLAC, a mulingo wa CD aja, asungireni laputopu yolumikizidwa ndi waya. USB ya turntable imatumiza mbale ku kompyuta pa 16-bit, 44.1 kapena 48 kHz. Mu Audacity, pulogalamu yojambulira mawu pa kompyuta, ikani mulingo kuti malo okwera kwambiri afike pa -6 dB. Mbali imodzi ya mphindi 20 imatenga pafupifupi 200 MB ngati WAV. Mbale zosowa zijambuleni kamodzi mutazitsuka, muzimvera fayiloyo masiku wamba.

Kabatani ka Loudness ndakakonda kwambiri. Mumakweza voliyumu pamene mumamvera masana, kenako usiku mumatsitsa ndi Loudness, ndipo mawu amachepa koma besi imatsalabe. M'nyumba zoyandikana ngati za ku Chilomoni kapena Zingwangwa, kameneka ndi kothandiza. Batani la Pure Direct, lodutsitsa mawu mwachindunji, likayaka, Loudness, besi ndi mabatani ena osinthira mawu sagwira ntchito, sikuti awonongeka.

Za magetsi musazitenge mopepuka. Athu ndi 230 V, 50 Hz, ndipo A-S301 yopangidwira msika wa ku America ndi ya 120 V yokha. Werengani kachikwangwani ka kumbuyo musanalipire, makamaka ngati ndi yogwiritsidwa kale ntchito yobwera pa kontena. Turntable ilibe vutoli: adaputa yake imalandira 100 mpaka 240 V, ndipo mota yake siidalira 50 kapena 60 Hz. Maturntable ena akale a lamba opangidwira 60 Hz amazungulira pang'onopang'ono kuno, 33 imatsika kufika pafupifupi 28. Zonse zidutse pa TV guard imene imadikira kaye magetsi akangobwera, chifukwa nthawi yoopsa ndi yomweyo. Kukamachita ziphaliwali zulani pulagi kukhoma pamodzi ndi waya wa dishi. Guard saletsa mphezi. Pa inveta, ikhale ya pure sine wave. Zinazo zimaliritsa thiransifoma ya ampulifaya ndi kuitenthetsa. Siyani masentimita 30 pamwamba pake, musaike turntable kapena nsalu pamenepo, ndipo muziyang'ana mphemvu, zimakonda malo ofunda.

Mbale zimaopa kutentha kwa Okutobala kuposa china chilichonse. Ziimikeni chilili, osati kuzisanjika, kutali ndi zenera ndi denga la malata lopanda siling'i. M'miyezi ya mvula ndi ya chiperoni makatoni ake amachita chuku, ndiye asagunde khoma kapena simenti. Pukutani ndi burashi ya carbon fibre musanaike singano. Zakuda kwambiri tsukani ndi madzi a distilled ogulitsidwa othira m'batire, osati asidi wake, ndi kadontho kamodzi ka sopo wamadzi, osanyowetsa lebulo, kenako tsukuluzani ndi kuumitsa pamthunzi. Madzi a pampopi amasiya zoyera m'mizere. Sipiriti asayandikire mbale za 78, amazisungunula. Kansalu ka felt kobwera ndi turntable kamakoka fumbi la chilimwe ndipo nthawi zina kamamatirira kumbale. Ka labala kapena ka cork n'kabwinopo.

Chomaliza chodziwiratu: turntable iyi siibweza mkono yokha. Mbali ikatha, singano imapitiriza kuzungulira mumzere womaliza mpaka mutaikweza, ndipo maola amenewo amachotsedwa pa 300 aja. Amene amagona nyimbo ikulira, usiku azimvera za pafoni.