Kadzidzi kapena chandamale: Iver Johnson ndi H&R pamaso pa wosonkhanitsa mfuti zakale

Amene mumayenda m'misika ya mfuti zakale kuno ku America mukulidziwa tebulo la kumapeto lija, lomwe anthu amangolilambalala pothamangira ma Colt ndi ma Smith & Wesson. Pamakhala timfuti ta m'manja ta mtundu wa revolver, tija tokhala ndi kamgolo kozungulira kolowamo zipolopolo, tina nikelo wake atayamba kufundula ngati njoka. Mukanyamula kamodzi, pachigwiriro mupeza mutu wa kadzidzi, apo ayi chithunzi cha chandamale chobooka ndi zipolopolo. Kadzidziyo ndi wa Iver Johnson, chandamale ndi cha Harrington & Richardson, amene aliyense amangoti H&R. Funso limene anzanga oyamba kumene amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti ayambire kuti pa awiriwa.

Makampaniwa ndi ana a mudzi umodzi. Onse anabadwira mu mzinda wa Worcester ku Massachusetts m'chaka cha 1871. Iver Johnson, mmisiri wochokera ku Norway, anayamba ndi mnzake Martin Bye, ndipo mu 1891 anasamutsira fakitale ku Fitchburg, komwe ankapanganso njinga. N'chifukwa chake pamwamba pa mpope pamalembedwa kuti Iver Johnson's Arms & Cycle Works. Gilbert Harrington anayamba ndi amalume ake a Frank Wesson, kenako m'malo mwa Wesson munalowa William Richardson. Onse ankasaka kasitomala mmodzi: wa golosale, mlonda, mayi wofuna kanthu kosunga m'dilowa. Mfuti zawo zinkagulidwa madola ochepa chabe, zina poitanitsa pa positi. Zinapangidwa zochuluka kwambiri, ndipo ndicho chifukwa mpaka lero mtengo wake suthyola msana.

Vuto lili pa kudziwa chaka. Ndipo chakacho sitichifuna pongofuna kudzitama, chili ndi ntchito ziwiri. Lamulo la boma lalikulu la America limati mfuti yopangidwa m'chaka cha 1898 kapena m'mbuyo mwake ndi yamakedzana, choncho siyendera malamulo ambiri amene amamanga mfuti zamakono, ngakhale zigawo zina zili ndi malamulo awoawo okhwima. Chachiwiri ndi onga. Mfuti zoyambirira anazipangira onga wakuda wofuka utsi uja, ndipo chitsulo chake sichinakonzedwere mphamvu ya onga wamakono wopanda utsi. Chipolopolo cha lero cha .32 S&W kapena .38 S&W chimalowa bwinobwino m'mfuti ya 1897, palibe chokuletsa, koma kulowako sikutanthauza kuti mfutiyo ipirira.

Apa ndiye awiriwa amasiyana njira.

Iver Johnson amakuuza zaka zake ndi thupi. Mfuti yake yotchuka, Safety Automatic, inatuluka mu 1894 ndipo ili ndi mibadwo itatu. (Mawu oti Automatic asakupusitseni. Sikuti imadziika yokha zipolopolo, koma kuti mukaithyola pakati, imalavula yokha makoko a zipolopolo zowombedwa kale.) M'badwo woyamba unakhala zaka ziwiri zokha, ndipo mumauzindikira ndi loko wake wapamwamba, amene amagwira pa kamtengo kamodzi. Wachiwiri unafika mpaka 1908, loko wake amagwira pawiri, koma m'kati mwa chigwiriro sipuling'i yaikulu ikadali yaphanthiphanthi ngati tsamba. Mibadwo iwiriyi ndi ya onga wakuda. Wachitatu unayamba mu 1909 n'kufika 1941: sipuling'i ndi yopota, kamgolo kali ndi timipata ta makona anayi momwe kachitsulo kamalowa n'kukagwira kuti kasamazungulire kokha, ndipo uwu ndi umene anaupangira onga wopanda utsi. Munthu amene wagwirapo zitatuzi kamodzi sasokonezanso.

Ndiye pali kadzidzi uja. Kwathu mbalame imeneyi ikalira padenga, agogo sagona. Kuno anaiika pachigwiriro cha mfuti, ndipo osonkhanitsa anaisandutsa kalendala: pa mibadwo iwiri yoyamba kadzidzi amayang'ana chakumpope, pa wachitatu anatembenuka n'kuyang'ana kumbali ina. Lamuloli ndi loona, koma limagwira pokhapokha ngati zigwiriro zili zomwe mfutiyo inatuluka nazo m'fakitale. Zigwirirozi ndi za labala wouma amene amasweka msanga, ndipo zimamangidwa ndi sikuluwu imodzi yokha. M'zaka zoposa 100, manja angati asinthapo? Ine ndinagwa nazo. Ndinagula imodzi kwa bambo wina amene analumbira kuti ndi ya m'badwo wachitatu, akuloza kadzidzi. Nditafika kunyumba n'kumasula sikuluwu, ndinapeza sipuling'i ya tsamba ikundiyang'ana. Sindikuganiza kuti bamboyo ananama dala, nayenso anakhulupirira mbalame.

Mukamasula chigwiriro cha kumanzere mupezanso chinthu china chofunika: nambala yeniyeni ya mfutiyo, yodindidwa pachitsulo, nthawi zambiri ili ndi lemba patsogolo. Nambala ya pansi pa chitsulo chotchinga chokhethemulira kawirikawiri ilibe lembalo, ndiye payokha siikuthandizani. Koma lembanso palokha silikwanira, pakuti kampaniyo inkabwereza malemba pa mfuti za misinkhu yosiyana. Muyambe mwadziwa m'badwo, kenako ngati ndi yaing'ono ya .22 ndi .32 kapena yaikulu ya .38, kenako ngati nyundo yake, kachitsulo kakumbuyo kamene kamamenya kuti chipolopolo chiphulike, ili poonekera kapena yobisika. Mukatero m'pamene lemba limayankhula, mukaliyerekeza ndi matebulo amene osonkhanitsa anakonza. Mzere wa 1898 umadutsa m'kati mwa m'badwo wachiwiri, choncho mfuti ziwiri zofanana ngati mapasa, ina ikhoza kukhala yamakedzana pamaso pa lamulo inzake ayi.

H&R ali ndi nkhope ziwiri. Kuyambira 1940 ndi mwana womvera kuposa aliyense. Nambala imayamba ndi lemba la chaka: A ndi 1940, B ndi 1941, kumangotsika choncho, K n'kukhala 1950. O ndi Q anawalumpha, ndiye P ndi 1954, R ndi 1955, mpaka Z amene ndi 1963. Atatha malemba anayamba kuwaphatikiza, AA kukhala 1964, AB 1965, ndipo zinapitirira mpaka kampani yakaleyo itatsekedwa mu 1986. Mukagwira Sportsman ya .22 yolowa zipolopolo 9 ija, kapena 922, kapena 929, yokhala ndi lemba lotere, chaka mumachidziwa muli chiimire patebulo, osamasula kanthu.

Koma mukabwerera kuseri kwa 1940, mwana womvera uja amasanduka nkhalamba yoiwala. Manambala ankabwerezedwa, ndipo pa mitundu ina nambala inali yongothandiza amisiri kuti zitsulo za mfuti imodzi zisasochere m'fakitale. Mukhoza kupeza American Double Action kapena Young America ziwiri za nambala imodzi, zosiyana zaka zambiri. Chimene chimapulumutsa ndi lamulo limodzi losavuta: kuyambira cha mu 1905, pamene anasinthira ku onga wopanda utsi, anayamba kudinda mtundu wa chipolopolo kumanzere kwa mpope. Ngati mpope uli mbee kumbali imeneyo, itengeni ngati ya onga wakuda. Pa funso la onga, ndiye, H&R amayankha mwachangu kuposa Iver Johnson, chifukwa zodinda pachitsulo sizisinthidwa ndi sikuluwu imodzi. Pa funso la 1898 ndi pamene amakusiyani m'tchire. Mumatsala mukuwerenga madeti a ma patent, ziphaso za boma zoteteza luso latsopano, olembedwa pamwamba pa mpope, ndipo deti la patent limangokuuzani kuti mfutiyo siinapangidwe chakacho chisanafike. Ikhoza kukhala kuti inatuluka zaka 10 pambuyo pake.

Pa umisiri, sindibisa, Iver Johnson ali patsogolo. Anaika kachitsulo pakati pa nyundo ndi msomali wowombera, kamene kamakwera pokhapokha munthu akakoka chokhethemulira mpaka kumapeto. Mfuti ikagwa pansi, nyundo imamenya thupi la mfuti, osafika pa chipolopolo. Kampaniyo inkanyadira zimenezi m'manyuzipepala ndi mawu akuti "Hammer the Hammer", kusonyeza munthu akukhoma nyundo ya mfuti ndi hamala ya kalipentala. Kampani ina ya mfuti, Ruger, inadzaika nzeru yomweyo pa ma revolver ake a mtundu wa Blackhawk mu 1973, patapita zaka pafupifupi 80. Ma H&R othyoka pakati a nthawi ya Safety Automatic ija analibe chimenechi. Chenjerani kokha ndi dzina lakuti U.S. Revolver Co.: ndi Iver Johnson yemweyo, amene kuyambira cha mu 1910 anatenga zitsulo zotsala za m'badwo wachiwiri n'kumapanga mfuti zotsika mtengo, zopanda kachitsulo kachitetezo kaja.

Mbiri nayonso inamamatira kwa kadzidzi, ngakhale si mbiri yosangalatsa. Pa 6 September 1901 Leon Czolgosz anawombera Pulezidenti William McKinley ku Buffalo ndi Safety Automatic ya .32, ndipo mu 1968 Sirhan Sirhan anapha wandale Robert Kennedy ku Los Angeles ndi Iver Johnson Cadet ya .22. Ogulitsa ena amakonda kutchula zimenezi pofuna kukweza mtengo. Musawamvere, mfuti zofanana ndi zimenezo zili mbwee.

Kumene H&R amaposa ndi kuchuluka kwa mitundu. Pali zothyoka pakati monga Premier ndi Automatic Ejecting, pali za thupi lolimba zosolola kamtengo kapakati, pali za .22 zowombera chandamale zimene zikugwirabe ntchito bwino lero. Munthu wofuna kusonkhanitsa komanso kupita nazo kobooleza mapepala Loweruka, ayambe ndi H&R ya lemba la chaka. Wofuna ntchito yaufufuzi, womasula zigwiriro usiku ndi galasi lokuza zinthu, atenge Safety Automatic zitatu, imodzi pa m'badwo uliwonse. Ine ndinasankha njira yachiwiriyi, chifukwa zitatuzo zikagona pamodzi pansalu umaona ndi maso mmene onga watsopano unasinthira chitsulo.

Alipo wachitatu amene mudzakumana naye patebulo lomwelo, Hopkins & Allen wa ku Norwich, Connecticut. Mfuti zake zina n'zokongola, koma fakitale yake inapsa mu 1900 ndipo kampani inagwa nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Kupeza chaka chenicheni cha mfuti yake ndi ntchito yowawa, simungayambire pamenepo.

Anzathu a ku Britain musatengere za 1898 zija. Kwanuko mfuti imatchedwa yamakedzana ikakhala yopangidwa September 1939 asanafike komanso chipolopolo chake chili pa mndandanda wa zosapezekanso, ndipo .32 S&W ndi .38 S&W palibe pamenepo. Ku South Africa nako, ukalamba wa revolver suchotsa kufunika kwa chiphaso.

Chomaliza choyang'ana, kaya ndi kadzidzi kaya chandamale, ndi khungu. Zambiri zinatuluka zili za nikelo, zamtundu wa buluu wakuda zinali zochepa chifukwa ankalipiritsa ndalama yapadera. Mukaona ya zaka 120 ikuwala ngati supuni yatsopano, yendetsani chikhadabo pa malemba a pampope. Ngati m'mphepete mwake muli mosalala, wina anaipala n'kuikanso nikelo, ndipo mtengo wake kwa wosonkhanitsa watsika kale. Chikomekome cha mkuyu. Kenako ithyoleni, muone kuti mulibe chipolopolo, muitseke, n'kuigwedeza pang'ono pa loko. Ngati mpope ukusewera, ndi yongoika m'kabati, kaya lemba lake likunena chaka chanji.