Giza ya sola ya machubu kapena ya fulati: yankho langa kwa ondifunsa

Anthu amene akumanga nyumba amandifunsa kawirikawiri ngati agule giza ya sola ya machubu agalasi kapena ya fulati (ya bokosi lophwatalala lokhala ndi galasi pamwamba ndi mapaipi amkuwa m'kati), ndipo ambiri amafunsa mtima utapendekera kale ku ya machubu chifukwa cha mtengo wake. Sindiwadzudzula, komabe ndi bwino kudziwa kumene kutchipako kumachokera.

Pafupifupi machubu onse amene tikuwaona pamadenga amapangidwa ku China, kumene kuli makampani akuluakulu monga Himin ya ku Dezhou ndi Sunrain ya ku Lianyungang, komanso timafakitale tambirimbiri ta ku Haining. Malonda a magizawa m'dzikomo anafika pachimake cha m'ma 2013, kenako anayamba kutsika pamene mabanja ambiri anasamukira m'nyumba zosanjikizana, ndipo mafakitale anayamba kufunafuna ogula kunja. Ya fulati mbiri yake ndi ina, chifukwa inakulira ku Greece, ku Turkey, ku Austria kumene kuli kampani ya GREENoneTEC, ndi ku Israel kumene lamulo la mu 1980 linakakamiza nyumba zambiri zatsopano kukhala ndi giza ya sola. Masiku ano China nayo ikupanga za fulati zambiri, koma mkuwa wa m'mapaipi ake, aluminiyamu ndi galasi lolimba la pamwamba sizilola kuti mtengo utsike kwambiri.

Pa kutenthetsa madzi palibe zokangana, zonse ziwiri zimakwanira ndi dzuwa lathu. Ya machubu imaposako pang'ono m'masiku a mitambo a June ndi July kumadera ozizira ngati Dedza ndi Mzuzu.

Chimene ogulitsa sanena ndi zimene zimachitika madzi a pampopi akasiya. Giza yotchipa ya machubu imasunga madzi m'kati mwa machubu enieniwo, ndipo ngati a pakhomo atunga madzi otentha mpaka kuchepa kwambiri pamene ena sakulowa, otsalawo amawira n'kuphwa, machubu n'kukhala ouma padzuwa. Chubu chouma chimatentha kupitirira madigiri 200, popeza chinapangidwa kuti chisataye kutentha. Madzi ozizira akabwera mwadzidzidzi masana, galasi limang'aluka, ndipo chubu chimodzi chokha chikasweka thanki yonse imakhuthukira padenga. Zimenezi zinachitika kwathu, ndipo wogulitsa amene analonjeza chitsimikizo cha zaka zingapo anangoyankha kuti galasi losweka silili m'gulu la zinthu zimene iye amabweza. Kudziko kumene madzi amatuluka usana ndi usiku vutoli limaoneka laling'ono, koma m'matauni athu ndi nkhani ya mlungu uliwonse, moti mwini giza amayenera kukumbukira kutseka vavu yolowetsa madzi m'giza mpaka madzulo nthawi iliyonse mpopi ukauma. Ya fulati ilibe mantha amenewa, chifukwa madzi amayenda m'mapaipi amkuwa.

Palinso ndalama zimene sizilembedwa pa mtengo wa m'sitolo. Giza yotchipayo sipirira mphamvu ya madzi a m'mapaipi, choncho madzi otentha amangotsika okha kuchokera padenga, ndipo ku shawa amagonja kwa ozizira. Mmisiri amadzakuuzani pambuyo pake kuti pakufunika pampu, imenenso imadalira magetsi omwe munkawathawa. Amene amagwiritsa ntchito madzi a pamjigo adziwenso kuti zoyerayera za m'madzimo zimaundana pansi pa machubu, ndipo madzi amchere, monga a m'madera ena a m'chigwa cha Shire, amaboola msanga thanki ya chitsulo chopyapyala.

Chilungamo chake, ya machubu ili ndi ubwino umodzi waukulu. Machubu ambiri ndi a muyezo umodzi, mamilimita 58 m'mimba mwake ndi 1,800 m'litali, motero cholowa m'malo chimapezeka mosavuta, pamene galasi la fulati likasweka mungadikire nthawi yaitali. Pogula, yang'anani kunsi kwa chubu chilichonse: kukakhala konyezimira ngati siliva chili bwino, koma kukayera mbuu ndiye kuti mpweya walowa ndipo chubucho chatha ntchito.

Ine ndimalangiza ya fulati kwa aliyense amene angakwanitse, ndipo ndikuvomereza kuti kamkwiyo kanga kakuthandizira pa chigamulochi. Amene akufunabe machubu asankhe mtundu umene uli ndi kapaipi kamkuwa kotsekedwa m'chubu chilichonse, chifukwa madzi salowa m'galasi ndipo chimodzi chikasweka enawo amapitiriza ntchito. Yotchipayo igulidwe pokhapokha pakhomo pali thanki yapamwamba yoidyetsa madzi osalekeza, ndipo mtengo wa thankiyo ndi nsanja yake uwerengedwe limodzi ndi wa gizayo musanapereke ndalama.