Kalata yoitanira amuna anga ku Canada: zimene mlangizi wa za viza anandichitira

Kalata yoyamba sindinalembe ndine. Ndinaigula pa intaneti kwa anthu ena amene amalonjeza kuti ukawapatsa mayina ndi masiku, pomatha maola 24 akutumizira kalata yoitanira mlendo yolembedwa kale. Inabweradi pa nthawi yake, masamba awiri odzaza, Chingerezi chake chosalala ngati cha loya. Nditaiwerenga misozi inalengeza m'maso, chifukwa inatchula zonse zimene zinali mumtima mwanga: kuti ndine wokwatiwa koma ndikukhala ndekha ku Winnipeg, kuti amuna anga ndimawasowa usana ndi usiku, kuti banja siliyenera kukhala motalikirana chonchi. Chakumapeto kunali mawu akuti adzakhala nane mpaka miyezi 6, azidzandithandiza pakhomo komanso adzaone mwayi umene dzikoli lili nawo. Ndinasayina osasintha ngakhale liwu limodzi.

Patapita masabata angapo, foni inalira pa WhatsApp, anali amuna anga. "Mayi, yankho lija labwera. Atikana." Tsiku lolandira dipuloma yanga ya unamwino, lomwe tinkafunitsitsa kuti adzakhalepo, linafika n'kudutsa, iwo akuonera pa foni imene mnzanga anainyamula m'mwamba. Madola 100 ofunsira viza sabwezedwa munthu akakanidwa. Chimene chinapulumuka ndi madola 85 a zidindo za zala ndi chithunzi, poti zimenezo zimagwira ntchito kwa zaka 10 ndipo sumadindanso ukamafunsira kachiwiri.

Kalata yokanira inali yaifupi. Inatchula ndime 179(b) ya malamulo olowera m'dzikoli, kutanthauza kuti ofisala wogamula za viza sanakhutire kuti amuna anga adzabwerera nthawi yawo ikatha. Apa m'pamene ndinaganiza zolipira mlangizi wa za viza, ndipo ndemanga yangayi ndi ya ntchito imene mayi ameneyu ndi ofesi yawo anandigwirira.

Ndisanapereke ndalama iliyonse ndinayamba ndawafufuza. Ku Canada si aliyense amene amaloledwa kulandira malipiro chifukwa cholangiza anthu za viza. Oyenera kutero ndi maloya, ena ovomerezeka ndi mabungwe a zamalamulo a m'zigawo, ndi alangizi olembetsedwa ku College of Immigration and Citizenship Consultants, bungwe limene linayamba ntchito mu 2021. Bungweli lili ndi kaundula pa intaneti. Ndinalemba dzina lawo, linatulukadi pamodzi ndi nambala ya laisensi yoyamba ndi R, komanso chizindikiro choti akadali ololedwa kugwira ntchito. Anthu amene anandigulitsa kalata yoyamba aja sindinawapezemo, ndipo pa webusaiti yawo panalibe dzina la munthu ngakhale mmodzi. Mlangiziyu ananditumizira pangano lolembedwa, lonena zimene adzachite, zimene sadzachita ndi mtengo wake, ndipo amuna anga anasayina fomu ya IMM 5476 yodziwitsa IRCC, nthambi ya boma la Canada yoona za olowa m'dziko, kuti tili ndi wotiyimira. Mtengo unali madola 300, kuwirikiza katatu ndalama yofunsira vizayo. Kwa munthu amene wangomaliza sukulu, imeneyo ndi ndalama yoiganizira kawiri.

Tsiku loyamba kukumana pa Zoom ndinkayembekezera kuti tiyamba kulemba pomwepo. Anakana. Anati sangakonze chinthu asanadziwe pamene chinasweka, choncho tiyambe tapempha zimene wogamula uja analemba mu kompyuta yawo poona fayilo yathu. Pempho limeneli limadutsira m'lamulo lopezera zikalata za boma, limalipiridwa madola 5, ndipo amuna anga anasayina chilolezo choti ine ndione fayilo yawo. Tinadikira mwezi ndi masiku. Kunena zoona, mtima unkandiwawa kuti ndalipira munthu kenako akundiuza kuti ndidikire, koma kuthamanga si kufika, ndipo ndinali nditathamanga kale kamodzi.

Zolembazo zitafika, mlangizi anaika kalata yanga yakale ija pa sikirini n'kuyamba kupaka chikasu mawu ena. Anapaka pa "miyezi 6". Kenako anatsegula kalata ya abwana a kuntchito kwa amuna anga, imene tinatumiza limodzi, n'kundifunsa kuti, "Mayi, apa akuti tchuthi ndi cha masiku angati?" Ndinawerenga: masiku 21. Anapakanso pa "adzaone mwayi", n'kundikumbutsa kuti mlendo saloledwa kugwira ntchito, ndiye munthu wobwera kudzaona mwayi akufuna kudzaona chiyani? Pomaliza anapaka ndime yonse ya kusowana ija. Sanaseke, sanandidzudzule. Anangoti zonse zimene zalembedwamo n'zoona ndipo akuzimvetsa, koma wogamula ali ndi funso limodzi lokha, loti kodi munthuyu adzabwerera, ndipo kalata yathu inathera masamba awiri ikufotokoza zifukwa zoti asabwerere.

Ndinakhala chete kwa kanthawi. Mawu amene anandiliritsa chifukwa cha kukoma kwake ndi omwewo amene anatitsekera khomo.

Apa ndiye pagona vuto loitana mwamuna kapena mkazi wako. Ukaitana mnzako wa kusukulu, palibe amene amadabwa kuti adzabwerera kwawo. Koma ukaitana amuna ako, chimene chikuwakokera kuno ndiwe amene, ndipo wogamula amadziwa zimenezo usanamuuze. Chikondi sichifuna umboni wambiri, setifiketi ya ukwati ndi zithunzi zochepa n'zokwanira. Chofuna umboni ndi zimene zikuwakokera kubwerera: ntchito, tsiku loyambiranso ntchito, nyumba, mayi awo okalamba amene amawasamalira. M'kalata yoyamba ija zimenezi munalibe ndi pang'ono pomwe.

Chimene ndimawathokozera kwambiri ndi momwe anayankhira funso limene ndinkaopa kufunsa. Ine ndili ndi chilolezo chokhazikika ku Canada, ndipo cholinga chathu n'choti mtsogolo ndidzawafunsire amuna anga mapepala okhazikika ngati banja. Anzanga angapo anali atandilangiza kuti zimenezi ndisazitchule, ndingoti akubwera kudzacheza basi. Mlangizi anati ayi. Anandionetsa ndime 22(2) ya lamulo la Immigration and Refugee Protection Act, imene imavomereza kuti munthu akhoza kukhala ndi zolinga ziwiri nthawi imodzi, kudzacheza panopa ndi kudzakhazikika mtsogolo, bola wogamula akhutire kuti ulendo uno adzatuluka pa nthawi yake. Anandionetsanso ndime 40, yonena za kunama kapena kubisa mfundo yofunika, imene chilango chake n'kuletsedwa kulowa m'dzikoli kwa zaka 5. Pa chifukwa chomwecho anaonetsetsa kuti pa fomu ya IMM 5257, pamene amafunsa ngati munthu anakanidwapo viza, amuna anga ayankhe kuti inde ndi kufotokoza mwachidule. Amuna anga ankakayika, ankati kuvomera kukanidwa n'kudzitchera msampha wekha. Mlangizi anawayankha modekha kuti, "Bambo, kukanidwa kuja kuli kale mu kompyuta mwawo. Chimene akufuna kuona n'choti inu munena zoona kapena ayi."

Kalembedwe kake kanali kotere. Sanandilembere kalata n'kundipatsa kuti ndisayine. Ananditumizira mafunso, ine n'kuyankha m'mawu anga, iwo n'kumadula ndi kuwongola. Anati kalata iyenera kumveka ngati ine, chifukwa ndine amene ndikulonjeza. Anajambula tebulo la magawo atatu: chimene kalata ikunena, pepala lotsimikizira, ndi tsamba limene pepalalo lili. Ndikalemba kuti adzagona kunyumba kwanga, pafupi pake pankayenera kukhala pangano la lendi lokhala ndi adiresi yomweyo. Ndikalemba kuti chakudya ndi maulendo a kuno ndilipira ndine, pankayenera kukhala kalata ya kuntchito kwanga, timapepala ta malipiro ndi sitetimenti ya ku banki. Tikiti ya ndege ankalipira okha, ndiye sitetimenti yawo inkayenera kuonetsa kuti ndalamayo ilipo. Mzere uliwonse umene unalibe pepala lake tinauchotsa.

M'sitetimenti ya amuna anga munali ndalama yambiri ndithu imene inalowa kamodzi, masabata ochepa tisanafunsire. Ine sindinaione ngati nkhani. Mlangizi anaiona nthawi yomweyo n'kufunsa kumene inachokera, poti ndalama yolowa mwadzidzidzi chonchi imaoneka ngati yobwereka kuti akaunti inenepe. Inali ya galimoto yakale imene anagulitsa. Tinaikapo pangano logulitsira, ndipo m'kalata ya amuna anga munalowa chiganizo chimodzi chofotokoza zimenezi.

Kalata yomaliza inakwana tsamba limodzi. Munali dzina langa lonse, tsiku lobadwa, adiresi, foni, ntchito yanga ndi chilolezo changa chokhalira kuno, pamodzi ndi fotokope ya khadi lake. Munali dzina lawo monga lilili mu pasipoti, tsiku lobadwa, adiresi, ubale wathu ndi tsiku limene tinakwatirana. Munali tsiku lofika ndi tsiku lonyamuka, masiku 19, kusiya awiri a ulendo kuti agwirizane ndi tchuthi chija. Munali chiganizo chimodzi chonena kuti tili ndi maganizo odzafunsira mapepala a banja mtsogolo ndipo tidzatsata njira yake. Za kusowana tinangosiya mzere umodzi, wakuti papita chaka ndi theka tisanaonane. Pamene ndinaiwerenga koyamba ndinaiona youma. Panopa ndimaiona kuti inali yoona kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo palibe liwu limene ndikanachita nalo manyazi atandifunsa.

Zokhumudwitsa zinalipo, ndipo wofuna kupita kumeneko azidziwe. Mayankho a imelo ankachedwa, masiku atatu, nthawi zina anayi, ndipo ukaimba foni umalankhula ndi wothandizira amene nkhani yako saidziwa bwino. Wothandizira yemweyo, polemba tsiku lobadwa la amuna anga, anasinthanitsa mwezi ndi tsiku, 03/07 n'kukhala 07/03. Ndinaziona ndine usiku, ndikufananiza kalata ndi pasipoti liwu ndi liwu. Anapepesa n'kukonza m'mawa mwake, koma cholakwika choterocho m'chimene munthu amalipirira kuti chisachitike. Chinanso, ofesi inandiuza kuti ndiwonjezere ndalama kuti kalata ikadindidwe kwa loya wotsimikizira zikalata. N'zoona kuti maofesi ena a viza amafuna zimenezo. Ine nditafunsa ngati mndandanda wa zofunika pa fayilo yathu ukutchula chidindocho, anavomera kuti sukutchula, ndipo ndinakana. Ndikanakonda akanandiuza okha ndisanafunse.

Kodi aliyense akufunika mlangizi? Ine ndikuona kuti ayi. IRCC inalemba pa webusaiti yake zonse zoyenera kukhala m'kalata yoitanira, mwaulere, ndipo imanena poyera kuti kalatayo si chitsimikizo choti viza ituluka. Munthu amene sanakanidwepo, mapepala ake ndi olongosoka, ndipo ali ndi mtima wokhala pansi kufananiza tsamba ndi tsamba, akhoza kulemba yekha madzulo amodzi. Koma ngati munakanidwapo, kapena mukuitana amuna anu kapena akazi anu muli ndi maganizo odzakhala limodzi mtsogolo, diso la munthu wodziwa malamulowa limaona zimene inu simungaone chifukwa nkhaniyo ili pafupi kwambiri ndi mtima. Mlangizi wangayu sanandilonjezepo viza ngakhale tsiku limodzi. Ankati chigamulo n'cha wogamula, iwo mbali yawo n'kuonetsetsa kuti mapepala sakutsutsana. Wina akakulonjezani kuti viza ituluka ndithu mukamulipira, musamupatse ndalama zanu.

Viza inatuluka. Tsiku lonyamuka lisanafike, mlangizi anatumiza imelo yaifupi yowakumbutsa kuti viza imangokufikitsa pakhomo, wogamula za kulowa ndi kutalika kwa nthawi ndi ofisala wa pabwalo la ndege, choncho anyamule kope la kalata ija m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi tikiti yobwererera. Ku Toronto anawafunsadi kuti akupita kwa ndani, akagona kuti, ndipo abwerera liti. Anayankha zomwe zinali papepala, chifukwa n'zimene zinali zoona, ndipo ofisala anawabwezera pasipoti.

Ndinawadikira pa bwalo la ndege la Winnipeg nditanyamula jekete lalikulu la m'nyengo yozizira, poti unali mwezi wa December ndipo kunja kunali chipale chokhachokha. Anatulukira atavala juzi imodzi yokha, chikwama paphewa, kalata ija itapindidwa panayi mkati mwa pasipoti. Tinakhala limodzi masiku 19. Pa tsiku limene tinalemba m'kalata ndinawaperekeza pa khomo lomwelo, ndipo Lolemba lotsatira anali pantchito.